Kalata yotseguka kwa a Nduna ya Zachilungamo: anthu athu akuvomera milandu asanaimve

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zachilungamo, kudzanso akuluakulu a Judicial Service Commission, a Legal Aid Directorate, a Law Society of Zimbabwe, ndi a Kazembe wa dziko la Malawi kuno ku Harare.

Olemekezeka,

Landirani moni wochokera kwa ife a ku Mufakose, Mbare, Highfield, Dzivarasekwa, Mabvuku, Tafara ndi Epworth amene m'makomo mwathu timalankhula Chichewa. Tikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndagwira cholemberane ndine mlembi wa kabungwe kathu ka maliro, komanso ndine nkhoswe wa maukwati angapo. Maudindo awiriwa ndiwo amachititsa kuti foni yanga izilira usiku, mwana wa wina akagona m'chitokosi kapena banja likafika posweka. Ndalemba poyera kuti abale athu awerenge nawo ndi kutumizirana, chifukwa zambiri zimene ndinene pano iwo sazidziwa, ndipo kusadziwako ndiye dandaulo langa lenileni.

Sitikupempha lamulo latsopano ayi. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 anatiwerengera kale. Gawo 6 limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma, ndipo Chichewa chili momwemo. Gawo 50 limati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake nthawi yomweyo, aloledwe kuimbira mkazi wake, mwamuna wake, m'bale kapena loya, auzidwe kuti ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, kaya maolawo athera pa Loweruka, Lamulungu kapena tsiku la tchuthi. Gawo 70 limati wozengedwa mlandu amasuliridwe zonse m'chilankhulo chimene amamva, ndipo ngati kusowa loya kungapotoze chilungamo kwambiri, boma limupezere loya pa ndalama zake. Zonsezi zinalembedwa bwinobwino. Chikusowa ndi njira yoti zifike kwa mlonda wa ku Msasa kapena kwa mayi wogulitsa tomato pa Mbare Musika m'maola oyamba atagwidwa, pamene milandu yambiri ya osauka imaonongekera.

Dandaulo loyamba ndi la chilankhulo. Ambiri amaganiza kuti aliyense wokhala mu Harare amamva Chishona. Ana athu obadwira kuno amachilankhuladi kuposa Chichewa, zimenezo sitikana. Koma alipo agogo amene anabwera nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, pakati pa 1953 ndi 1963, ena kudzera kwa Mthandizi, nakalambira m'mafamu ndi m'migodi. Aliponso achinyamata ofika posachedwa kuchokera ku Dedza, Ntcheu, Mangochi kapena ku Angonia m'chigawo cha Tete, amene akugwira ntchito za m'nyumba ndi zosamalira maluwa ku Borrowdale ndi ku Avondale. Chishona chawo n'chogulira ndiwo ndi chofunsira kombi, osati choyankhira mlandu. Akafunsidwa ngati amamva Chishona amangogwedeza mutu, poopa kuoneka alendo pagulu. Komanso ife tinaleredwa kuti pabwalo sutsutsana ndi mfumu. Wamkulu akafunsa umati inde bwana, zodandaula ukanena pambuyo kudzera mwa wokulankhulira. Kukhoti kulibe pambuyo.

Lamulo la kazengedwe ka milandu, Criminal Procedure and Evidence Act, pa gawo 271, limafuna kuti munthu akavomera mlandu wolemera, majisitireti amufotokozere mbali zonse za mlanduwo ndi kumufunsa imodziimodzi, kuti atsimikize kuti akuvomeradi. Ndi lamulo labwino, koma limateteza yekhayo amene akumva mafunsowo. Bambo wina wachikulire wa m'kabungwe kathu, mlonda, anaimbidwa mlandu wakuba katundu pamalo amene ankalondera. Anavomera kuti usikuwo anali pa ntchito, anavomera kuti katundu anasowadi, anavomeranso kuti makiyi anali nawo. M'mutu mwake ankavomera kuti analephera kulondera bwino, chinthu chimene chinkamuchititsa manyazi kwambiri. M'mabuku a khoti munalembedwa kuti wavomera kuba. Titapita kukamuona kundende, anatifunsa kuti tsiku lofotokoza mbali yake lidzakhala liti.

Ndikudziwa kuti zilango zina za kwa majisitireti zimaunikidwanso ndi akuluakulu, zina mpaka ku High Court. Koma wounikayo amawerenga zimene zinalembedwa, ndipo zinalembedwa m'Chingerezi, kuchokera pa Chishona chimene mwini mlandu anangomvako theka. Pepalalo limaoneka laukhondo ndithu. N'chimodzimodzinso ndi sitetimenti ya kupolisi: wina amalemba, mwini wake amangosaina kapena kudinda chala, kenaka pepalalo limakamutsutsa kukhoti.

Dandaulo lachiwiri ndi la owaimira pa milandu. Woimbidwa mlandu wakupha ku High Court amapatsidwa loya waulere. Koma milandu yambiri ya osauka imathera kwa majisitireti, ndipo kumeneko munthu amaima yekha moyang'anizana ndi woimira boma amene anaphunzira malamulo. Gawo 163A la lamulo lija la kazengedwe ka milandu limakakamiza majisitireti kumuuza munthu kuti ali ndi ufulu wopeza loya. Amauzidwadi. Koma wosauka akamva za loya amamva za madola amene alibe, ndiye amati ndidziyankhira ndekha. Kuti kuli Legal Aid Directorate, yokhazikitsidwa ndi Legal Aid Act ya 1996 pofuna kuthandiza anthu ngati iyeyo, ambiri mwa anthu athu sanamvepo. Mabungwe monga Legal Resources Foundation ndi Zimbabwe Women Lawyers Association atithandizapo ndipo tikuwathokoza, koma udindowu gawo 31 la malamulo aakulu linaupereka kwa boma. Mpata umene watsalawo adzazamo maloya a pansi pa mtengo, anthu oyendayenda pazipata za makhoti, olandira ndalama za amayi ovutika n'kulonjeza kuti akalankhula ndi akuluakulu m'katimo.

Pali nkhani ya belo imene ikutipweteka ife mwapadera. Malamulo amati womangidwa atulutsidwe podikira mlandu, pokhapokha patakhala zifukwa zamphamvu zomusungira. Koma ambiri mwa anthu athu alibe zitupa, kapena akadali ndi zakale zowatchula kuti ndi alendo, ngakhale gawo 43 limati wobadwira muno malamulowa asanayambe, kholo lake lili la dziko la m'bungwe la SADC ndipo iye n'kumakhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Akafika kukhoti timamva zoti munthuyu athawira ku Malawi. Athawira bwanji mwana wobadwira ku Mbare amene ngakhale pa Nyamapanda sanafikepo? Amakhala pa rimandi miyezi, ntchito imatha, eni nyumba amatulutsa katundu panja, ndipo ena amavomera mlandu kuti angodziwa tsiku lotuluka.

Tsopano za mowa ndi galimoto, ndipo apa ndisamveke molakwa. Ife a kabungwe ka maliro ndi amene timanyamula mabokosi a anthu ogundidwa pa Simon Mazorodze, pa Seke Road ndi pa msewu wa ku Bulawayo. Woyendetsa galimoto ataledzera alangidwe, ndipo chilango chisachepe chifukwa choti ndi mwana wathu. Chimene ndikudandaula n'chakuti lamulo lokhwima chonchi madalaivala athu amalimva koyamba ataima kale m'bokosi.

Road Traffic Act ili ndi milandu iwiri pa nkhaniyi. Gawo 55 ndi la woyendetsa galimoto mowa kapena mankhwala zitamugonjetsa moti sangaiwongolere bwino. Gawo 54 silifuna n'komwe kuti munthu azidzandira: bola m'magazi mwake mwapezeka mowa wofika mamiligalamu 80 pa mamililita 100 alionse, mlandu wakwana. Anyamata athu ambiri amakhulupirira kuti ngati akuyenda mowongoka ndi kulankhula zomveka, palibe mlandu. Amakhulupiriranso kuti kugona pang'ono, kusamba madzi ozizira ndi kumwa tiyi wowirira kumachotsa mowa. Sikuchotsa. Chiwindi chimatsuka mowa pang'onopang'ono pa liwiro lake, ndipo womwa mpaka pakati pa usiku n'kulawirira kukatenga kombi tambala woyamba amakhala adakali nawo m'magazi pamene akunyamula ana a sukulu. Kukana kuyezedwa nakonso ndi mlandu pakokha. Ndipo wina akafa pa ngoziyo, mlandu umakhala wakupha munthu chifukwa cha kusasamala, pa gawo 49 la Criminal Law Code.

Kwa woyendetsa kombi kapena galimoto yaikulu lamuloli n'lolemera koposa. Chilango chake ndi ndende, pamodzi ndi kuletsedwa kuyendetsa, ndipo khoti silingachipeputse pokhapokha patakhala zifukwa zapadera. Apa ndi pamene anthu athu amagwera. Zifukwa zimene lamulo limawerengera ndi zokhudza mmene mlanduwo unachitikira, osati mavuto a mwini wake. Mnyamata wina wa kwathu kuno, woyendetsa kombi, atafunsidwa ngati ali ndi zifukwa zapadera anafotokoza za mkazi wake woyembekezera, za amayi ake odwala ndi za lendi. Analankhula ndi mtima wonse, koma anayankha funso limene sanafunsidwe. Sindikunena kuti anali ndi chifukwa chomupulumutsa. Mwina analibe. Koma anayenera kudziwa chimene akufunsidwa, ndipo laisensi imene inkadyetsa nyumba ziwiri inapita iye asanamvetse. Anyamata athu ambiri chuma chawo ndi laisensi basi, kaya ndi pa kombi kaya ndi pa malole opita ku Beitbridge ndi ku Chirundu.

Loya akanakhalapo akanafunsa mafunso wamba: anayezedwa ndi chiyani, nthawi yanji, magazi anatenga ndani, mapepala akugwirizana kodi? Ena amati kumeneko n'kuthawitsa zidakwa. Ine ndikuti mafunso omwewo ndi amene amapulumutsa munthu wa matenda a shuga, amene shuga akatsika amadzandira ndi kulankhula zosokonekera ngati woledzera. Komanso kusadziwa lamulo ndiko kumadyetsa ziphuphu pamsewu. Si apolisi onse, ambiri akugwira ntchito yawo mokhulupirika, koma tonse tikudziwa kuti woledzera wokhala ndi kangachepe m'thumba nthawi zina amapitirira ulendo, ndipo amene akamugunde kutsogoloko sanafunsidwe.

Dandaulo lomaliza, limene ndimakumana nalo kwambiri monga nkhoswe, ndi la kutha kwa mabanja. Matrimonial Causes Act sifuna kuti wina anyozedwe pabwalo kuti ukwati uthe. Gawo 5 limangofuna kuti khoti likhutire kuti banja lasweka moti silingakonzekenso. Awiri akagwirizana za ana, za nyumba ndi za ndalama zosamalira ana, amalemba chikalata cha mgwirizano, khoti n'kuchisandutsa chigamulo popanda kukokanakokana. Kumaiko ena njira yogwirizanayi anaikulitsa. Loya wina wa ku Minneapolis ku America, Stuart Webb, anayambitsa mu 1990 dongosolo loti mwamuna ndi mkazi aliyense akhale ndi loya wake, onse anayi akhale pansi, aulule chuma chonse, ndipo maloyawo asaine kuti zokambirana zikalephereka nkhani n'kupita kokangana kukhoti, iwo atula pansi ntchitoyo. Motero loya sapindula kanthu pokolezera moto.

Ife zimenezi sizachilendo kwenikweni. Ankhoswe a kuchimuna ndi a kuchikazi amene anamanga ukwati ndi omwenso amakhala pansi ukamatha, namva mbali zonse, nagawa katundu, nakonza za ana. Vuto lili pawiri. Choyamba, mawu a ankhoswe si chigamulo cha khoti. Ofesi ya nyumba za khonsolo, a penshoni ndi olembetsa malo sawadziwa. Ukwati wolembetsedwa ku boma wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, umene anthu amautcha wa 5:11, umakhalabe wamoyo mpaka khoti litauthetsa, ngakhale awiriwo atasiyana zaka zambirimbiri pamaso pa ankhoswe ndi mpingo. Ine ndimaziona pa maliro: bambo wamwalira, mayi amene wakhala naye ndi kumudwazika ali pamphasa akulira, kenaka akufika mayi woyamba ndi setifiketi m'chikwama. Palibe wolakwa pa awiriwo. Anthuwo ankaganiza kuti anasudzulana kalekale.

Chachiwiri, ankhoswe ambiri sadziwa malamulo, ndipo ena amangodziwa kuuza mkazi kuti banja ndi kupirira. Sadziwa kuti gawo 7 la Matrimonial Causes Act limalola khoti kuwerengera ntchito ya mayi yosamala pakhomo ndi kulera ana pogawa chuma, ngakhale nyumba italembedwa m'dzina la mwamuna yekha. Pa za ana, mwambo wathu umati ana ndi a kuchikazi, a mbumba ya malume awo, pamene anansi athu Achishona amati malowolo akaperekedwa ana ndi a kuchimuna. Mabanja athu ambiri tsopano ndi osakanikirana, ndiye mkangano umakula. Malamulo aakulu, pa gawo 81, satsata mwambo uliwonse pa awiriwa: amaika patsogolo ubwino wa mwanayo. Ndipo pamene pali nkhanza sipofunika zokambirana za pamphasa. Pamenepo mpofunika chikalata cha chitetezo cha Domestic Violence Act.

Palinso chopinga china cha ife tokha. Ukwati wa Achewa umamangidwa ndi chinkhoswe, osati ng'ombe. Koma mayi akapita kukadandaula za banja losalembetsa, funso loyamba limakhala lakuti kodi malowolo anaperekedwa. Akati ayi, amauzidwa kuti ndiye kuti sanakwatiwe, ankangokhalira limodzi. Marriages Act ya 2022, pa gawo 41, inatsegula khomo loti ngakhale okhala limodzi ngati banja popanda kulembetsa agawane chuma mwa lamulo akamasiyana. Ndi amayi angati a ku Epworth amene anauzidwa zimenezi? Ndipo kuyambira 2023 mapepala a ku High Court amatumizidwa pa intaneti kudzera mu njira ya makhoti yotchedwa IECMS. Kwa maloya n'zofewetsa ntchito. Kwa mayi wopanda imelo, wa foni ya mabatani, ndi mpanda wina woti adumphe.

Choncho, Olemekezeka, tikupempha izi:

1. A Judicial Service Commission akhale ndi omasulira Chichewa odziwika, ofikirika ku Rotten Row, ku Mbare ndi m'makhoti ena a mu Harare. Wozengedwa mlandu azifunsidwa chilankhulo chimene amalankhula kunyumba, osati ngati amamva Chishona, yankho lake lilembedwe m'failo, ndipo womasulira akasowa mlandu uime kaye. Ana athu ophunzira amene angaphunzitsidwe ntchitoyi alipo ambiri.

2. Maufulu a gawo 50 apachikidwe m'zilankhulo zonse 16 pa polisi iliyonse, ndipo osatha kuwerenga awerengeredwe. Munthu asasaine sitetimenti asanaimve m'chilankhulo chake.

3. A Legal Aid Directorate aike munthu wawo m'makhoti a majisitireti m'mawa uliwonse, woti alankhule ndi omangidwa asanafunsidwe ngati akuvomera kapena akukana. Ngati maloya ndi ochepa, yambani ndi milandu imene chilango chake ndi ndende yosapeputsika, chifukwa ngati gawo 70 silikunena za milandu imeneyi, ndiye likunena za iti? Ophunzira malamulo a ku University of Zimbabwe angathandize moyang'aniridwa.

4. Lamulo la mowa pamsewu lifotokozedwe anthu asanagwidwe: pa mapulogalamu a Chichewa a National FM, ndiponso ndi a Traffic Safety Council of Zimbabwe m'malo okwerera makombi monga Copacabana, Market Square ndi Mbare. Woyezedwa azipatsidwa pepala la zotsatira zake pompo.

5. Kusowa chitupa kusakhale chifukwa chokanira belo pamene abale, mpingo kapena mzikiti akuchitira umboni kumene munthu amakhala.

6. Pakhale fomu yosavuta ya chikalata cha mgwirizano wothetsa banja, ya m'Chichewa, ndi munthu kukhoti wothandiza kuitumiza pa intaneti. Ankhoswe tiphunzitsidwe malamulo a chuma ndi a ana, kuti zimene tagwirizanitsa zizikafika kwa woweruza, iye aziunike ngati zili zachilungamo, makamaka kwa mayi ndi ana, asanazidinde. Umboni wa ankhoswe uzilandiridwa posonyeza kuti ukwati wa mwambo unalipo. A Law Society of Zimbabwe aganizire zokhazikitsa dongosolo la kusudzulana mogwirizana lokhala ndi mtengo wodziwikiratu, komanso atipatse njira yachidule ya pa foni yodziwira ngati munthu wodzitcha loya alidi m'kaundula wawo.

7. A Kazembe, kwa amene ali nzika za Malawi, pangano la ku Vienna la 1963 pa gawo 36 limapatsa womangidwa ufulu woti ofesi yanu idziwitsidwe, ndi inu ufulu wokamuona. Tikupempha nambala ya foni imene imayankhidwa, ndi tsiku lodziwika loyendera a pa rimandi.

Mbali yathu ife tichita. Mabungwe a maliro, mipingo ndi mizikiti timakumana kawirikawiri ndipo malo osonkhanira tili nawo. Mukatumiza wodzatiphunzitsa, anthu tidzawaitana, ndipo womasulira wa tsikulo tidzapereka tokha. Yankho lanu tikupempha kuti libwere poyera, pa wailesi kapena m'nyuzipepala, ndipo litchule ofesi imene tingapiteko ndi tsiku limene ntchitoyi iyambe.

Ine wanu mwaulemu,

Mlembi wa kabungwe ka maliro komanso nkhoswe,
Mufakose, Harare